Chinyezi, phulusa ndi zouluka: mmene labotale imayezera malasha, makala ndi nkhuni

Munthu akapereka thumba la makala, malasha kapena mabriketi ku labotale kuti aliyeze, pepala lomwe amalandira limakhala ndi manambala anayi: chinyezi, phulusa, zinthu zouluka moto ukazitentha, ndi kaboni wotsalira. Pa mapepala a malonda kuyeza kumeneku amakulemba kuti proximate analysis. Manambala anayiwa akawaphatikiza amakwana 100, ndipo ndi amene amapangitsa kuti fakitale ya simenti ilandire kapena ikane lole ya malasha, komanso kuti wopanga mabriketi adziwe chifukwa chomwe katundu wake akufukira utsi pa mbaula.

Nambala iliyonse mwa anayiwa imadalira njira yomwe ayezera. Mukasintha kutentha kwa ng'anjo ndi madigiri 50, kapena kuwonjezera mphindi ziwiri, nambala imasintha ngakhale makalawo ali omwewo. N'chifukwa chake pali malamulo olembedwa a ISO ndi a ASTM, mabungwe omwe amakhazikitsa njira zoyezera, ndipo pepala losatchula lamulo lomwe latsatidwa silingayerekezedwe ndi pepala la labotale ina.

Sampulo

Zolakwika zambiri zimachitika katundu asanafike n'komwe pa sikelo. Lole imanyamula matani 30, koma chomwe chimalowa m'ng'anjo ndi galamu imodzi. Galamu imodziyo iyenera kuimira lole yonse, ndipo izi sizichitika mwamwayi.

Tengani thumba la makala. Pamwamba pamakhala zidutswa zikuluzikulu zoyera bwino, pansi pamakhala fumbi, mchenga ndi dothi lochokera pa uvuni pomwe anawotchera. Wotapa pamwamba pokha apeza phulusa lochepa kwambiri, ndipo wogula adzadabwa mbaula ikadzadza msanga. Mulu wa malasha nawo umadzisankha wokha pothira: zibuma zimagubuduzikira m'mphepete, zosalala zimatsala pakati. Njira yabwino ndi kutapa pang'onopang'ono malo ambiri, makamaka pomwe katundu akugwa kuchoka pa lamba kapena potsitsa m'lole, n'kudula mtsinje wonse wa zomwe zikugwazo ndi chotapira chachikulu mokwanira kulandira chibuma chachikulu koposa.

Zomwe mwatapazo mumaziphwanya, kuzisakaniza, kenako kuzichepetsa. Ngati palibe makina ogawira, mumaunjika mulu wosongoka, kuuphwatsula, kuugawa panayi ndi kutaya zigawo ziwiri zoyang'anizana. Mumabwereza mpaka zitachepa, koma nthawi iliyonse muziyamba mwaphwanyanso, chifukwa kugawa zibuma zazikulu m'kagawo kakang'ono ndi kuchita maere. Sampulo yoyezera chinyezi chonse imapatulidwa koyambirira, n'kuitsekera m'chidebe kapena m'jumbo yokhuthala yosalowa mpweya. Thumba la saka siligwira ntchito imeneyi: m'mwezi wa Okutobala utuchi umauma uli pa msewu, ndipo m'Januwale makala amamwa chinyontho ali m'galimoto.

Sampulo yotsalayo imayanikidwa pa kutentha kosapyola madigiri 40 mpaka itafanana ndi mpweya wa m'chipinda, kenako amaipera. Nkhuni, mapesi ndi zina za zomera amazipera kuti zidutse pa sefa ya milimita imodzi. Malasha amawapera kwambiri, kuti adutse pa sefa ya ma micrometre 212 potsata ISO kapena 250 potsata ASTM (ma micrometre 1,000 ndi milimita imodzi). Chigayo chikatentha chimachotsa chinyezi, ndipo chikakhala chosatsuka chimasakaniza sampulo ya lero ndi ya dzulo. Zokanira pa sefa musazitaye. Nthawi zambiri zimenezo ndi timiyala kapena makungwa, ndipo m'menemo ndi momwe muli phulusa lambiri.

Chinyezi

Pali miyeso iwiri ya chinyezi, ndipo anthu amaisokoneza. Woyamba ndi chinyezi chonse cha katundu monga wafikira. Pa za zomera, ISO 18134 imafuna sampulo yosachepera magalamu 300, yoyalidwa mopyapyala pa thireyi, n'kuiumitsa mu uvuni pa madigiri 105 mpaka kulemera kutasiya kusintha, koma osapitirira maola 24. Wachiwiri ndi chinyezi cha ufa woperedwa uja, chomwe chimayezedwa pa galamu imodzi tsiku lomwelo lomwe mukuyeza phulusa ndi zouluka. Muyeso wachiwiriwu ndi umene umakonza manambala ena onse. Mukauyeza Lolemba n'kudzayeza zouluka Lachinayi, ufawo wamwa kapena wataya madzi pakatipo, ndipo masamu onse apotoka.

Kawerengedwe kake n'kosavuta: kulemera komwe kwatayika, kugawa ndi kulemera kwa poyamba, kuchulukitsa ndi 100. Ovuta ndi manja a woyeza. Ufa wouma, makamaka wa makala, umayamba kukoka chinyontho ukangotuluka mu uvuni, moti sikelo yabwino imaonetsa manambala akukwera inu mukuyang'ana. Choncho mumavundikira kambale kali mu uvuni momwemo, kukaziziritsa mu desiccator, yomwe ndi mphika wagalasi wokhala ndi mankhwala omwa chinyontho pansi pake, kenako kuyeza mwachangu. Mankhwalawo akasintha mtundu ndiye kuti akhuta, ayenera kuumitsidwanso.

Mitengo ina imanamiza. Paini ndi bulugamu zili ndi utomoni ndi mafuta omwe amauluka pa madigiri 105, ndipo sikelo imawawerenga ngati madzi. Malasha aang'ono msinkhu, monga lignite, amachita zosiyana: amagwira okosijeni wa mumpweya akamatenthedwa, amalemererako, ndipo chinyezi chimaoneka chochepa kuposa chenicheni. Malasha otere amawaumitsa mu uvuni wodutsa nayitrojeni.

Pali msampha winanso. Anthu oyeza zoyatsira moto amagawa madzi ndi kulemera kwa nkhuni yonyowa, pomwe anthu a matabwa amagawa ndi kulemera kwa thabwa louma. Chikuni cha kilogalamu imodzi chokhala ndi theka la kilogalamu ya madzi chili ndi 50 peresenti kwa oyambawo, koma 100 peresenti kwa enawo. Kachipangizo ka misomali iwiri komwe akalipentala amabaya pa thabwa kawirikawiri kamatsata njira yachiwiriyi.

Zouluka

Muyeso uwu ndi wa mphindi zisanu ndi ziwiri zokha, koma ndi womwe umavuta kwambiri. Galamu imodzi ya ufa imaikidwa m'kambale kosapsa ndi moto kotchedwa crucible, kokhala ndi chivundikiro chokwana bwino, n'kulowetsedwa m'ng'anjo yotentha kale. ISO 562 ya malasha ndi ISO 18123 ya za zomera zimati madigiri 900 kwa mphindi 7. ASTM D3175 imati madigiri 950 kwa mphindi 7. Chifukwa cha chivundikirocho ufa suyaka. Umaphwasuka ndi kutentha monga zimachitikira mu uvuni wa makala wokwiriridwa ndi dothi, n'kutulutsa phula, mpweya woyaka, kaboni dayokisaidi ndi nthunzi. Kulemera konse komwe kwatayika mumachotsapo chinyezi, chotsala ndiye zouluka.

Chivundikiro chikakhala ndi mpata, mpweya umalowa, kaboni amapsa, ndipo zouluka zimaoneka zambiri. Mudziwa mukavundukula n'kupeza kaphulusa kotuwa pamwamba pa khala: sampuloyo yawonongeka, yambaninso. Mukasiya chitseko cha ng'anjo chotsegula nthawi yaitali, kapena kulowetsa timbale tambiri tozizira nthawi imodzi, kutentha kumatsika. Lamulo la ISO limafuna kuti ng'anjo ibwerere pa madigiri ake pasanathe mphindi 4, apo ayi zouluka zituluka zochepa. Nambala yowala pa ng'anjo isakukhulupiritseni kotheratu, chifukwa choyezera chake chili pa khoma, kutali ndi pomwe pakhala sampulo. Malo enieniwo muziwayeza nthawi ndi nthawi ndi thermocouple ina, waya woyezera kutentha. Magetsi akazima mkati mwa mphindi zisanu ndi ziwirizo, palibe masamu omwe angapulumutse muyesowo.

Utuchi ndi ufa wa mapesi ndi zopepuka, ndipo mpweya umatulukamo mwamphamvu moti umatha kunyamula tizidutswa kapena kukankha chivundikiro. Mankhwala ake ndi kuukanikiza ufawo kukhala kambulu kolimba musanauyeze. Malasha ena amathetheka n'kutaya tizidutswa chimodzimodzi, ndipo ASTM ili ndi njira yowatenthetsa pang'onopang'ono poyamba. Makala a nkhuni nawo ali ndi lamulo lawo, ASTM D1762: ng'anjo ili pa 950, kambale kamakhala mphindi 2 pa khomo, mphindi 3 m'kamwa mwa ng'anjo, kenako mphindi 6 mkati chitseko chili chotseka. Labotale ziwiri zikayeza makala amodzi, ina ndi njira iyi ina ndi ya ISO, manambala asiyana popanda wolakwa.

Chotsalira m'kambale chiyang'anitseni musanachitaye. Malasha ena amasungunuka, kufufuma n'kuuma ngati kabatani kamabowo. Chimenechi ndi chizindikiro cha malasha opangira coke, makala olimba a m'mafakitale a zitsulo, mtundu womwe unatchukitsa migodi ya Moatize ku Tete. Malasha osagwirana amatsala ufa.

Nkhuni zouma zimakhala ndi zouluka pakati pa 75 ndi 85 peresenti, n'chifukwa chake zimagwira moto msanga ndi malawi aatali, komanso zimafuka utsi mpweya ukachepa. Makala opsa bwino amakhala ndi zosapitirira 25 peresenti, ndipo akapyola 30 amakhala osapsetsa, aja amayaka msanga koma n'kudetsa poto. Malasha olimba kwambiri otchedwa anthracite amakhala pansi pa 8 peresenti, ndipo kuwayatsa ndi ntchito.

Phulusa

Apa kambale kamakhala kosavundikira, ndipo mpweya uyenera kuyenda bwino m'ng'anjo kuti chilichonse choyaka chipse. Kutentha kumasiyana malinga ndi chomwe mukuyeza: madigiri 550 pa za zomera potsata ISO 18122, madigiri 815 pa malasha potsata ISO 1171, ndipo pafupifupi 750 potsata ASTM D3174. Sampulo imalowa m'ng'anjo yozizira. Pa za zomera mumakweza kufika 250 n'kudikira ola limodzi kuti zouluka zituluke popanda malawi, kenako mumakweza kufika 550 n'kukhala maola osachepera awiri. Mukalowetsa utuchi m'ng'anjo yofiira kale, umayaka ndi lawi lomwe limauluza phulusa.

Kusiyana kwa 550 ndi 815 kuli ndi chifukwa. Phulusa la zomera lili ndi potaziyamu ndi klorini wambiri, mchere womwewo umene amayi amaufuna akamadontheza chidulo kuchokera ku phulusa la zitsononkho kapena la makoko a mtedza. Mchere umenewu umayamba kuuluka kutentha kukakwera. Lilinso ndi calcium carbonate, yemwe pa kutentha kwa ng'anjo ya malasha amasanduka laimu n'kutaya 44 peresenti ya kulemera kwake. Choncho woyeza nkhuni pa 815 apeza phulusa lochepa kuposa woyeza pa 550. Pa malasha vuto ndi lina. Muli miyala ya pyrite yomwe imatulutsa sulufule ikamapsa, ndipo ngati laimu wapangika kale amagwira sulufuleyo n'kulemeretsa phulusa. N'chifukwa chake ISO 1171 imayamba ndi kukweza pang'onopang'ono kufika 500, kuti sulufule atuluke kaye.

Phulusa lomwe mwayeza silifanana ndendende ndi miyala yomwe inali m'malasha, popeza dongo lataya madzi ake, ma carbonate ataya mpweya, ndipo pyrite wasanduka dzimbiri la chitsulo. Akatswiri a malasha amakonza izi ndi masamu a Parr: miyala ya m'malasha ndi phulusa kuchulukitsa ndi 1.08, kuphatikiza sulufule kuchulukitsa ndi 0.55.

Mtengo wopanda makungwa umakhala ndi phulusa losafika 1 peresenti, ndipo timibulu ta utuchi ta gulu lapamwamba la A1 mu ISO 17225 sitiloledwa kupyola 0.7 peresenti. Izi zikutanthauza kuti galamu imodzi imasiya mamiligalamu asanu kapena asanu ndi awiri okha. Theka la miligalamu la chinyontho, kapena chidindo cha chala pa kambale, n'chokwanira kusokoneza yankho ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Pa zinthu zotere onjezani sampulo ifike magalamu angapo, gwirani timbale ndi chopanira, ndipo muyambe mwatiwotcha topanda kanthu musanatiyeze. Mankhusu a mpunga ali kutsidya lina: phulusa lawo limafika 15 mpaka 20 peresenti kapena kupyola, ndipo lambiri ndi silika. Yemwe akupanga mabriketi ndi mankhusu a ku Karonga kapena ku Nkhotakota sangalichepetse phulusa limeneli ndi ukhondo uliwonse, angathe kungosakaniza ndi utuchi. Koma utuchi wa paini ukatuluka ndi phulusa la 6 peresenti, funsani pomwe unawoleredwa. Pafupifupi nthawi zonse ndi mchenga wa pansi.

Timadontho takuda m'phulusa timasonyeza kaboni wosapsa. Bwezerani m'ng'anjo kwa mphindi zina 30, yezani, ndipo bwerezani mpaka kulemera kutakhazikika.

Kaboni wotsalira ndi masamu a pa pepala

Kaboni wotsalira, yemwe pa pepala amalembedwa fixed carbon, sayezedwa n'komwe. Mumatenga 100 n'kuchotsa chinyezi, zouluka ndi phulusa. Cholakwika chilichonse cha miyeso itatu ija chimathera mwa iye, ndipo popeza manambala amakwanabe 100, pepala limaoneka laukhondo. Komanso si kaboni yense wa m'nkhuni. Pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni, koma wotsalira amangokhala 15 mpaka 20 peresenti, winayo amatuluka ndi zouluka. Makala abwino amafika 75 peresenti kapena kupyola.

Mabriketi omatidwa ndi dongo kapena laimu ali ndi vuto lomwe anthu ochepa amaliona. Pa 900, dongo limataya madzi a mkati mwake ndipo ma carbonate amataya mpweya, zonsezi n'kuwerengedwa ngati zouluka. Koma poyeza phulusa pa 550, ma carbonate omwewo amatsala m'kambale n'kuwerengedwanso ngati phulusa. Chinthu chimodzi chachotsedwa kawiri, ndipo kaboni wotsalira amaoneka wochepa kuposa mmene alili. Briketi yomatidwa ndi phala la ufa wa chinangwa ilibe vutoli, ngakhale phalalo limakweza zouluka pang'ono.

Tiyerekeze kuti ufa wa utuchi wapereka chinyezi cha 8.0 peresenti. M'ng'anjo ya 900 wataya 80.0 peresenti, ndiye zouluka ndi 72.0. Phulusa ndi 1.4, choncho kaboni wotsalira ndi 18.6. Amenewa ndi manambala a ufa woyanikidwa wa mu labotale. Kuti muwasandutse a chinthu chouma kotheratu, chulukitsani ndi 100 n'kugawa ndi 92: zouluka 78.3, phulusa 1.5, kaboni 20.2. Ngati utuchiwo unafika ndi chinyezi chonse cha 35 peresenti, chulukitsani manambala oumawa ndi 0.65, mupeza zouluka 50.9, phulusa 1.0 ndi kaboni 13.1. Mukachotsa madzi ndi phulusa lomwe, zouluka ndi 79.5. Utuchi umodzi womwewo uli ndi zouluka 50.9, 72.0, 78.3 kapena 79.5, ndipo manambala onsewa ndi oona. Zilembo zazing'ono za pamwamba pa tebulo, ar (monga wafikira), ad (woyanikidwa), d (wouma kotheratu) ndi daf (wopanda madzi ndi phulusa), ndi zomwe zimakuuzani nambala yomwe mukuiona. Wogulitsa amakonda kuonetsa ya chouma, koma boila imadya katundu monga wafikira. Pangano logula malasha, kaya a ku Mchenga ku Rumphi, a ku Maamba ku Zambia kapena a ku Hwange ku Zimbabwe, liyenera kutchula zilembozi pamodzi ndi lamulo loyezera.

Mphamvu ya moto

Manambala anayi aja sanena mwachindunji kuchuluka kwa kutentha komwe kilogalamu ipereke. Izi zimayezedwa ndi bomb calorimeter, chibotolo chachitsulo chokhuthala momwe galamu imodzi imawotchedwa ndi okosijeni wopanikizidwa kufika mabaa 30 (baa ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), chibotolocho chili m'madzi odziwika kuchuluka kwake. Kukwera kwa kutentha kwa madziwo ndiko kumapereka yankho. Makinawo amayamba ayesedwa ndi benzoic acid, yemwe amapereka pafupifupi ma megajoule 26.5 pa kilogalamu (megajoule ndi muyeso wa mphamvu ya kutentha), ndipo pa yankho amachotsapo kutentha kwa kawaya koyatsira ndi kwa ma asidi opangika m'botolomo. Mukatsegula n'kupeza mwaye pa makoma, sampulo sinapse yonse.

M'botolo nthunzi imasanduka madzi n'kubweza kutentha kwake, pomwe pa mbaula kapena m'balani ya fodya imathawa ndi utsi. Ndiye pali mphamvu yonse ndi mphamvu yogwiritsika, ndipo kilogalamu iliyonse ya madzi imaba ma megajoule 2.44. Nkhuni yomwe ikauma kotheratu imapereka 18.5 yogwiritsika, pa chinyezi cha 20 peresenti imapereka pafupifupi 14.3, ndipo pa 50 peresenti imatsika kufika 8.0. Zotsala za nzimbe zomwe amawotcha m'maboila a mafakitale a shuga, monga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, zimatuluka m'makina ofinyira zili ndi madzi pafupifupi theka, choncho kumeneko peresenti imodzi ya chinyezi imaonekera pa nthunzi.

Kaboni yense, haidrojeni, nayitrojeni ndi sulufule zimayezedwa padera pa kuyeza kotchedwa ultimate analysis. Kusungunuka kwa phulusa nako kuli ndi muyeso wake, wofunika kwambiri pa mapesi a chimanga, omwe phulusa lawo la potaziyamu wambiri limagwirana n'kutseka zitsulo za pansi pa boila.

Labotale zambiri tsopano zili ndi makina otchedwa TGA, omwe amayeza timbale tambiri nthawi imodzi pa sikelo ya mkati mwa ng'anjo, n'kumasintha okha nayitrojeni ndi okosijeni. Ndi achangu ndipo amachotsa zolakwika za manja, koma amatenthetsa sampulo pang'onopang'ono kusiyana ndi kuiponya m'ng'anjo ya 900, motero zouluka zimatha kutuluka zosiyana. ASTM D7582 imafuna kuti makinawa azikonzedwa ndi malasha a manambala odziwika kale. Kaya ndi makina kapena manja, sampulo iliyonse iyezedwe kawiri, ndipo pa gulu lililonse pakhale sampulo imodzi yodziwika yankho lake. Mayankho awiri akatalikirana kupyola malire a lamulo, musatenge nambala ya pakati. Yambani mwaona chivundikiro, kenako desiccator, kenako mmene ufa wasakanizidwira m'botolo, popeza timchenga timatitimira pansi botolo likakhala pa shelefu.